Masamba pa Msewu wa ku Lifuwu

Njinga ija sinali yanga. Inali ya bambo amene ndinayandikana nawo nyumba kufupi ndi Lifuwu, msodzi wachisilamu, munthu wosachulutsa mawu, amene ankalimanso mpunga. Ine ndinali mphunzitsi wobwera, wochokera kumapiri a ku Dedza. Ndinali nditakhala kunyanjako zaka ziwiri, koma kutentha ndi udzudzu ndinali ndisanazizolowere, ndipo mtima wanga unali wapachala.

Unali mwezi wa Malichi, chaka chotsatira chisankho cha zipani zambiri chija. Malungo anali atalowa nyumba iliyonse. Mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi anatentha thupi masiku atatu, ndipo mwana wamwamuna wa msodzi uja, mnzake wosewera naye, nayenso anali gone pamphasa. Kuchipatala chaching'ono cha kwathuko anatiuza kuti mapiritsi atha, tikagule ku boma.

M'mawa kutangocha msodzi uja anabwera pakhomo akukankha njinga yake, pampu ataimangirira ndi mphira pa kaliyala.

"Aphunzitsi, inu miyendo ikadali yanthete, mupite ndinu," anatero. "Mukagule a ana onse awiri. Inshallah mudzatipeza tili bwino."

"Ndibwera musanapite kumzikiti ku swala ya masana," ndinawalonjeza.

Msewu umenewo ndinkaudziwa. Umayamba ndi mchenga pakati pa minda ya mpunga, pomwe tayala limamira n'kumakupotoza handulo. Kenako umakwera zitunda zazing'ono za timiyala toterera, kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, mpaka umalowa m'nkhalango momwe anyani amakhala pakati pa msewu osakupatuka. Ukafika pamwamba pa chitunda chachikulu n'kucheuka, nyanja imakuthobwa m'maso. Tsiku limenelo sindinacheuke. Ndikutuluka m'nkhalangomo ndinakumana ndi amuna asanu ndi mmodzi atanyamula makasu ndi fosholo, akuyenda mondondozana. Ndinawapatsa moni, mmodzi yekha anangokweza dzanja. Ndinapalasabe.

Ku boma sindinachedwe. Ndinagula mapiritsi, anandikulungira m'timapepala tiwiri, ndinatiika m'thumba la shati n'kumanga batani. Ngakhale madzi sindinamwe.

Pobwerera, nditatsala pang'ono kulowanso m'nkhalango muja, ndinaona nthambi za masamba aawisi zitagonekedwa mopingasa msewu. Palibe amene sadziwa tanthauzo lake. Pamudzi pagwa maliro, ndipo wa njinga amatsika, kuvula chipewa, n'kukankha mpaka atadutsa masamba ena kutsogolo. Ndinkadziwa zimenezi kuyambira ndili wamng'ono. Koma masiku amenewo mawu oti demokalase anali atatiledzeretsa. Ana akachedwa kusukulu ankati ndi demokalase, wogulitsa usipa akakweza mtengo ankati ndi demokalase. Ine ndemwe ndinali nditatsutsana ndi aphunzitsi anzanga kuti takhala tikugwada zaka zambiri, nanga tigwadirenso masamba? Ndikanakonda kunena kuti chinandipalasitsa n'changu chokha, koma ndinganame. Panalinso matama.

Ndinaponda masambawo n'kupitirira, chipewa chili kumutu.

Sindinafike patali. Wina anagwira kaliyala kumbuyo, njinga inaima ngati yagunda chitsa, ine n'kugwera pa timiyala. Podzuka ndinapeza andizungulira amuna aja a makasu. Anali adzukulu, okumba manda, ndipo dothi lofiira linali lisanawaume m'miyendo.

"Achimwene, maso muli nawo?" anafunsa wamtali wa iwo, modekha kwambiri.

Apa ndikanangoti pepani. Ndikanatulutsa timapepala tija n'kuwaonetsa. M'malo mwake ndinayang'ana chigongono changa chikutuluka magazi, mkwiyo n'kundikwera.

"Msewu uwu ndi wa boma," ndinatero. "Nthawi yogwira anthu m'misewu inatha."

Palibe anakweza mawu. Wamtali uja anawerama, anamasula valavu ya kutsogolo, kenako ya kumbuyo, mpweya n'kumatuluka tonse tikumvetsera. Anaika mavalavuwo m'thumba mwake n'kundilozera pansi pa mtengo wa mango.

"Khalani apo. Mupita tikaika."

Pamenepo m'pamene ndinatchula za ana. Ndinatulutsa mapiritsi, ndinachonderera. Iye anangoyang'ana timapepalato.

"Aliyense tikamugwira amakhala ali ndi wodwala," anatero. "Wagona m'nyumbamo naye anafa ndi malungo omwewo. Ndi mwana wa mchemwali wanga."

Ndinakhala pansi pa mangowo. Wotchi ndinalibe, ndiye ndinkayang'ana mthunzi. Unafupika mpaka kufika pamapazi anga, kenako unayamba kutalikira mbali inayo. Azimayi ankaimba m'nyumba ya siwa, ena ankadutsa ndi ndowa za madzi, onse akundiyang'ana cham'mbali. Ndinadziwa kuti ku Lifuwu swala ya masana yadutsa. Ndinachita mantha amene sindinachitepo, ndipo ndinadzida.

Anandipulumutsa ndi bambo wina wachikulire amene anabwera kudzakhuza maliro. Anaima pa njinga ija n'kugwira chishalo chake chosokedwa ndi ulusi wa ukonde.

"Njinga iyi ndikuidziwa," anatero. "Mwini wake ndimagulako chambo. Munthu uja sangabwereketse njinga popanda chifukwa."

Anandifunsa, ndinafotokoza, ndipo ulendo uno ndinayamba ndi pepani, chipewa chili m'manja. Anapita kukanong'onezana ndi adzukulu aja. Wamtaliyo anabwera n'kundiponyera mavalavu pamiyendo.

"Kuthamanga si kufika, aphunzitsi," anatero, n'kutembenuka.

Ndinapopa matayala, ndinakankha mpaka kudutsa masamba achiwiri, kenako ndinapalasa ngati wamisala. M'nkhalango munali zii, ngakhale anyani munalibe. Pazitunda tayala la kumbuyo linkaterereka pa timiyala, tcheni chinavuka kawiri. Nditafika pamchenga wa m'minda ya mpunga ndinathamanga nayo chokankha, thukuta likulowa m'maso.

Pamphambano yokhotera kwathu panali masamba. M'mawa panalibe. Anali aawisi, ongothyoledwa kumene, utomoni ukadali wonyowa pothyokapo.

Palibe anandiuza kuti nditsike. Ndinapezeka ndaima, chipewa ndachivula kale. Kutsogolo kunkamveka kulira kwa azimayi, koma nyumba zathu ziwirizo zinali zoyandikana kwambiri, zongolekanitsidwa ndi mpanda wa bango, moti sindinathe kudziwa kuti kulirako kukuchokera iti. Ndinayenda pang'onopang'ono. Anthu amene ndinkakumana nawo ankandipatukira osandiyang'ana kumaso, ndipo ine ndinalibe mphamvu yofunsa.

Kenako ndinaona mkazi wanga akutuluka pa mpanda wa msodzi uja, maso ali ofiira. Kumsana anali atabereka mwana wathu, ngakhale anali wamkulu kale, wosayeneranso kuberekedwa. Kamutu kake kanatembenuka, kanandiyang'ana.

Ndinasangalala. Ndikunena poyera chifukwa ndi zimene zinachitika. Pakhomo pa munthu amene anandibwereka njinga, jeneza lonyamulira mwana wake lili poteropo, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Manyazi anabwera pambuyo, ndipo sanachokebe.

Msodzi uja anali atakhala pamkeka ndi amuna anzake. Atandiona anadzuka, anabwera, anandilandira njinga ngati tsiku lina lililonse. Ndinamasula batani la shati n'kutulutsa timapepala tonse tiwiri, osadziwa chochita nako kachiwiriko.

"Sungani onse, angafunikenso," anatero. "Wathu uja, Mulungu watenga chake. Pitani mukamupatse wanuyo, musachedwe."

Anayang'ana chigongono changa, magazi atauma ndi fumbi.

"Msewu unakuvutani, aphunzitsi."

"Eya," ndinayankha. "Timiyala tija."

Anagwedeza mutu n'kukatsamiritsa njinga pa mpanda. Tinakaika mwanayo dzuwa likadalipo, monga amachitira anzathu achisilamu, ndipo ine ndinaponya nawo dothi. Wanga anamwa mapiritsi aja, patatha masiku awiri anayamba kupempha phala.

Ndinakhala moyandikana ndi bambowo zaka zina zitatu. Njinga anapitiriza kundibwereka. Wachikulire wogula chambo uja ayenera kuti anawauza zimene zinachitika pamaliro paja, nkhani zotere sizigona panjira, koma iwo sananditchulirepo ngakhale kamodzi. Inenso sindinafunse kuti mwana wawo anatsirizika nthawi yanji, kaya m'mawa ndikadali ku boma, kaya masana ndili pansi pa mtengo wa mango ndi mapiritsi ake m'thumba.

Mkazi wanga analipo, ndipo nthawiyo akuidziwa. Wayesapo kawiri kuti andiuze. Maulendo onse awiri ndinadzuka n'kutuluka panja asanamalize.