Chilembo Chimene Fiskani Sanasiye

Gho! Gho! Gho! Nyundo ya mmisiri woyandikana nawo inalira mpaka pakati pa usiku, ndipo Dinah ankalidziwa bokosi limene linkakhomedwalo. Linali la mwamuna wake, Fiskani, wolemba zikwangwani wa ku Chibavi. Nyundo ikalira, mwana wawo Mwawi ankadzidzimuka m'tulo, iye n'kumuika dzanja pachifuwa kuti amve ngati akupuma bwino.

Dinah sukulu analekezera Fomu 3. Anayamba ngati wosesa pashopu yosindikiza ya a Gideon, pafupi ndi yunivesite, ndipo kompyuta anaiphunzira ndi maso, ataima kumbuyo kwa anzake tsache lili m'manja. Patatha zaka ziwiri ankapanga makadi aukwati ndi zinsalu zotsatsa malonda. Koma chake chenicheni analibe, ankangosintha mayina pa zimene bwana anakonza kale.

Zinsaluzo ndi zomwe zinamulanda ntchito Fiskani. Mzinda utayamba kukula, eni mashopu sankafunanso za burashi. Iye ankangoseka. "Anyina Mwawi, lero mwandiphera khoma liti?"

Namfedwa sachoka pasiwa, koma kutacha Dinah anabereka mwana kumbuyo n'kuzemba, ulendo wa kushopu.

"Pepani chomene, mama," anatero a Gideon. "Bwererani kunyumba. Pulogalamu ya maliro ndakonza kale, ija ya nkhunda ndi mitambo."

"Ija tinapangira malemu a Boniface mwezi watha?"

"Anthu amaikonda."

"Fiskani nkhunda ankangoidziwa m'mbale, bwana. Dzina lake lilembedwa ndi zilembo zake zomwe."

Anatuluka foni ili m'manja, kukasaka zilembozo pa makoma amene Fiskani analemba. F anamujambula pagolosale ya Fumbani. S anamupeza pasaluni ku Masasa. I, A ndi N anali pachigayo ku Zolozolo, atayera ndi ufa, mpaka anachita kupukuta ndi nsonga ya chitenje. Kunatsala K. Ameneyo ankadziwa komwe ali, pakhoma la wokazinga kanyenya, pomwe Fiskani anamufunsira mbeta akuyeretsa burashi.

Atafika anapeza pakulendewera chinsalu chofiira, chimene iye mwini anasindikiza. Anachitukula. Pansi pake panali penti yoyera yokhayokha.

Kuchipatala misozi inakana, pasiwa inakananso. Inatulukira pamenepo, m'mbali mwa msewu, akabaza akumuzungulira.

Kushopu dzina linaima pakompyuta lili ndi gweru: FIS ANI.

"Ingoikani K wa m'kompyuta," anatero a Gideon. "Aone ndani?"

Anayesa. K uja anaoneka ngati mlendo wovala suti pakati pa anthu ochokera kumunda. Anamufufuta.

Anatenga pensulo ndi pepala. Chibadwire anali asanalembepo chilembo choti anthu achione. Anakumbukira mmene Fiskani ankaponyera mwendo wa K kutsogolo ngati wovina malipenga, lilime atalitulutsa pang'ono. Woyamba anatuluka wopunduka. Wachinayi mwana anamukoka n'kumung'amba. Wachisanu ndi chiwiri anaima yekha.

A Gideon anayang'anitsitsa, kenako anayatsa makina osindikizira.

Tsiku loika maliro, apongozi ake anaitenga pulogalamu ija n'kumasisita dzinalo ndi chala, chilembo ndi chilembo. Pa K sanaime.

"Mwana wanga analemba liti zimenezi?" anafunsa.

Dinah anangolimbitsa chitenje chomwe anaberekera Mwawi.

Patapita masabata atatu anabwerera kushopu, koma pampando wake sanakhale.

"Yewo chomene, bwana, mwandiphunzitsa ntchito. Koma zosintha mayina a anthu ndaleka."

"Nanga mwanayu adya chiyani?"

Funso limenelo linkamusowetsa tulo. Chimene ankadziwa n'chakuti makoma a Fiskani akutha, limodzi sabata iliyonse. Anawauza kuti ayenda mzinda wonse kujambula otsalawo asanawayeretse, asonkhanitse zilembo kuyambira A mpaka Z, azilembera anthu zikwangwani ndi zomwezo. Zimene apeze zitafufutidwa, alemba yekha.