Zilembo za a Albino

A Albino anafika ku Namwera ali mnyamata, kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Munda analibe, wachibale analibe. Chomwe ankadziwa n'kulemba zikwangwani, ndipo kulembako ankalembadi. Magolosale, zigayo, malo ometera, mpaka maboti a ku Nkopola, konseko linali dzanja lawo: zilembo zonenepa m'munsi, zoweramira kutsogolo ngati munthu wosenza thumba la chimanga. Koma pachikwangwani pamalembedwa dzina la mwini sitolo, osati la wogwira burashi. Anakalamba akulemba mayina a anzawo, ndipo zinkawapweteka.

Manja atayamba kunjenjemera, mwana wawo Conceição anabwera ndi nzeru. Iyeyu ankagwira ntchito pa boma, m'kasitolo ka Duncan kosindikiza makadi aukwati ndi mapulogalamu a maliro. Anajambula zilembo za bambo ake chimodzichimodzi, n'kuzikonza kuti kompyuta izitha kulemba nazo. Anati pa intaneti pali gulu losonkhanitsa zinthu zaulere za m'makompyuta, ndipo likazilandira, aliyense padziko akhoza kuzitenga.

"Dzina lanu lidzawerengedwa mpaka ku Maputo, ababa."

Mkuluyo anakhulupirira. Analengeza kutchalitchi, analengeza pabawo, anauza ngakhale wogulitsa palafini amene sanafunse n'komwe.

Koma gululo limaika zilembo zomwe lalandira m'maphukusi, ndipo lili ndi lamulo la kaperekedwe ka mayina lomwe silipindika. Phukusi lililonse la zilembo, dzina lake limayamba ndi liwu losonyeza kuti mkatimo muli zilembo, kenako dzina la kampani yozikonza, pomaliza dzina la zilembozo. Kampani yanji kwa munthu amene chuma chake chonse chinali njinga ndi zitini za penti? Apa m'pamene Duncan anadzuka. Anati kompyuta ndi yake, magetsi ndi ake, nthawi imene Conceição ankajambulira inali ya ntchito, choncho kampani ndi iye. Dzina la zilembozo nalo anali atazipatsa kale: anazitcha Nyanja, kuti a malo ogona alendo azikopeka. A gulu lija anati phukusi liyenera kutenga dzina lomwe lili kale m'zilembomo.

Conceição anawalembera kudandaula. Anamuyankha mwaulemu, m'Chingerezi chosalala, kuti bambo ake akhoza kutchulidwa m'kalata ya mkati mwa phukusi, ija satsegula munthu. Anawonjeza kuti dzina likalowa salisintha wamba, poti ambiri amakhala atayamba kulidalira. Conceição akanatha kukana kutumiza, inde. Koma ana ake amadya pantchito ya kwa Duncan. Anatumiza.

Anakwera matola kukawauza yekha bambo ake. A Albino anamvetsera mpaka anamaliza.

"Ndiye langa lili pati?"

"Mkati, ababa."

"Mkati amaonamo ndani?"

Mwanayo anayang'ana pansi. Bambo ake sanamukalipire. Anangosiya kupita kubawo, chifukwa anzawo ankawafunsa mwachipongwe ngati a ku Maputo ayimba kale foni.

Pasanathe chaka, zikwangwani zosindikiza zinadzaza msika wa Namwera. Zinali zilembo zawo zomwe zija, zosalala, zopanda dontho la penti, ndipo anthu ankazitcha za Duncan. Ntchito ya burashi inatheratu. Mkuluyo ankangokhala pakhonde la chigayo ndi zitini zake, kudikira amene sangakwanitse kupita kuboma.

Tsiku lina anabwera Shafi, mwamuna wa ku Katuli amene anali atangotsegula kaokala. Sankawadziwa. Anawapatsa moni, n'kuloza chikwangwani chatsopano cha tsidya la msewu.

"Madala, zosindikiza zandikanika, n'zodula. Mungathe kundilembera zofanana ndi za Duncan zija? Olo zingoyandikirako."

A Albino anayang'ana chikwangwanicho nthawi yaitali. Mtima unawawawa, koma kunyumba kunalibe ndiwo. Anatsegula chitini.

"Ndiyesa, bwana," anatero. "Kaya ndifikapo."