Bambo wa Tayi Pakhoma la Amayi

Kwathu ku Dambe, mukafunsa akuluakulu amene atsala, adzakuuzani kuti chaka chija ine ndinali ku Kasungu, kusankha fodya pa esiteti. Bodza limeneli linakhazikika moti nthawi zina nanenso ndimafuna kulikhulupirira. Chilungamo chake n'chakuti ku Kasungu ndinakapondako koyamba ndili kale ndi imvi.

Chinandilowa m'mutu chinali chithunzi cha m'buku. Tili sitandade seveni, aphunzitsi athu anatsegula buku lothothoka chikuto n'kutionetsa madzi akugwera kuphompho ku Livingstone, m'dziko la Zambia. Anati madziwo amachita utsi ngati tchire likupsa, ndipo mkokomo wake umamveka munthu ali kutali. Ndinawafunsa ngati iwo anakafikako. Anaseka, n'kunena kuti mphunzitsi amayenda ndi chala pamapu. Anzanga anaiwala tsiku lomwelo, koma ine ndi mutu wanga woumawu sindinaiwale.

Nditasiya sukulu ndinkakonza njinga pa Boma. Pamenepo m'pamene ndinkaona azungu ena odabwitsa akuchokera kuboda, zikwama zikuluzikulu kumsana, mapazi ali mbuu, ena mitu itangometedwa kumene chifukwa mwamuna wa tsitsi lalitali sankaloledwa kulowa m'dziko muno. Mmodzi anakhala pamthunzi pathu kudikira basi ya ku Lilongwe. M'chizungu changa chothyokathyoka ndinamva kuti iye sanali wolemera ayi. Ankathyola zipatso m'minda ya eni, thumba likalemerako n'kunyamuka kupita dziko lina. Ndinati mumtima, kodi ndi ganyu basi? Ganyu ndiye ndinabadwa naye! Sabata yomweyo ndinatenga thumba la feteleza n'kusokerera malamba a chubu cha njinga kuti ndizilibereka.

Amayi atamva, anayesa kundiletsa. Bambo anali atamwalira, ndipo mwana wamwamuna ndinali ndekha. Masiku amenewo munthu ukasowa pamudzi n'kumveka kuti uli ku Zambia, anthu sankafunsa kuti ukukatani. Ankangoti wapita kwa zigawenga, anthu aja anathawa m'dziko atayambana ndi boma. Ndipo galimoto ya boma ikabwera kudzatenga munthu, sinkasankha. Inkatenganso womubala.

"Poti sumva, pita," anatero amayi. "Ine ndizinena kuti uli ku Kasungu. Ukadzabwera, iwenso udzanene zomwezo. Ukayenda siya phazi, mwana wanga, ukasiya mlomo udzakutsata. Pakamwa pakopo ndimapadziwa, sipatseka ngati khomo la golosale."

Pasipoti sindinaiganizireko n'komwe, kuipempha kunali kudziitanira mafunso. Ndinadutsa m'minda m'mamawa, khasu paphewa ngati ndikukalima, poti kwathuko mzere umayambira ku Malawi n'kukathera ku Zambia. Khadi langa la chipani ndinalisokerera mumpendero wa kabudula.

Ntchito yoyamba ndinaipeza pafamu ina kufupi ndi Chipata, kusoka fodya. Kenako ndinakwera pamwamba pa lole ya thonje mpaka ku Lusaka, komwe ndinkasenza matumba a makala pamsika n'kumagona m'khonde la sitolo. Ntchito imene inandilipira bwino inali yodula nzimbe ku Mazabuka. Nzimbe amayamba azitentha, ndiye pofika masana thupi lonse linkakhala bii, manja atang'ambika, mano okha ndi oyera. Sindinadandaule, poti malo alionse ankandisendeza kufupi ndi madzi aja.

Chimene chinkandidya si ntchito, koma Amalawi anzanga. Tinalipo ambiri m'mundamo, koma tinkazembana. Sunkadziwa amene wabwera kudzadula nzimbe ndi amene wabwera kudzamvetsera. Tsiku lina tikunola zikwanje, bambo wina wa manja osalala anakhala pafupi nane n'kundiyankhula Chichewa cha kwathu chenicheni.

"Achimwene, mayankhulidwe anuwo ndi a ku Mchinji. Kwanu ndi kwa yani?"

Ndinati ndine wa ku Katete, mbali ya Zambia. Anamwetulira, n'kunditchulira midzi itatu yoyandikana ndi kwathu, mmodzimmodzi, akundiyang'ana m'maso. Mwina anali munthu wosowa kwawo chabe, sindidziwa. Ine ndinalandira malipiro anga Loweruka n'kukwera sitima, osatsanzika aliyense.

Madzi aja ndinawaona. Sindidzatha kuwafotokoza bwino, ndipo ndazolowera kusawafotokoza. Nthaka inkanjenjemera kumapazi, malaya ananyowa kumwamba kulibe mtambo, ndipo ndinalira ngati mwana, thumba langa la feteleza lili kumsana. Wojambula wina anandijambula nditaima pamenepo. Chithunzicho ndinachiika m'kope momwe ndinkalemba malo onse amene ndadutsa.

Pobwerera ndinagulira amayi makapu anayi adothi, amaluwa abuluu, m'sitolo ya Mmwenye ku Lusaka. Wogulitsa anawakulunga m'nyuzipepala zambirimbiri kuti asasweke. Ndinadutsanso m'minda muja, ndinafika bwino, amayi anavina pakhomo. Ndinati basi zatha, kuiwala kuti linda madzi apite ndiye uziti ndadala.

Amayi anali ndi chizolowezi chimene amayi ambiri anali nacho nthawi imeneyo. Akapeza nyuzipepala ankaimata pakhoma la pabalaza ndi phala, kuti nyumba ikongole. Kuwerenga sankadziwa, ankangosankha tsamba la zithunzi zabwino. Nditagona tsiku limodzi pakhomo, m'mawa mwake ndinapita kukaonekera kwa amalume. Nditabwerako masana ndinaona njinga itatsamira pankhokwe, ndipo amayi anandichingamira ali mwee.

"Fulumira, kwabwera atcheyamani kudzakulonjera."

Ndinalowa, n'kupeza kuti atcheyamani a nthambi ya chipani ndi aphunzitsi anga aja. Anapuma ntchito ine ndili kuulendo, anthu n'kuwasankha. Anakhala pampando wa ndalema, kapu yamaluwa abuluu ili m'manja, nkhope italoza kukhoma. Ndinatembenuka kuona chimene akuyang'ana.

Khoma lonse linali nyuzipepala za ku Zambia, phala lisanaume n'komwe. Dzina la dzikolo linali pamwamba pa tsamba lililonse. Masamba ena anali chadodolido, koma la pakati amayi analiika mowongoka bwino. Panali chithunzi cha bambo wovala jekete ndi tayi, ndipo pansi pake panali dzina limene kwathu kuno silinkatchulidwa ngakhale monong'ona, la mmodzi wa nduna zakale, zigawenga zija zinathawa. Ine ndinanyamula munthu ameneyu kumsana kuchokera ku Lusaka osadziwa.

"Mwawaona bambo awo?" anatero amayi monyadira. "Ndawaika pakati chifukwa atchena."

Aphunzitsi ankamwa tiyi pang'onopang'ono. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko. Ndinkaganiza za bambo wina wa mudzi woyandikana nawo amene anatengedwa chifukwa cha kalata yochokera kunja, ndipo mkazi wake anali akudikirabe. Ndinkaona amayi akukwezedwa m'galimoto ndi chitenje chawo cha kudimba, osadziwa n'chimene alakwa.

"Ku Kasungu kuli bwanji?" anafunsa aphunzitsi, maso ali pakhoma pomwepo.

"Kuli bwino, aphunzitsi."

"Fodya anachita bwino chaka chino?"

"Anachita bwino, aphunzitsi."

Anagwedeza mutu. Anatembenuza kapu n'kuyang'ana kunsi kwake, kenako anaiika pansi mosamala. Ataimirira anayandikira khoma lija, nakanda m'mphepete mwa tsamba la pakati ndi chikhadabo.

"Mayi, mapepala awa amaitana mphemvu. Kwathu tinachotsa onse. Nyumba imakoma ndi dothi, kuzira basi." Anavala chipewa. "Mawa m'mawa ndibweranso ndi anyamata ochokera ku Boma. Akuyenda nyumba ndi nyumba kuona makhadi. Amakonda kulowa m'kati."

Njinga itangokhota, ndinawauza amayi kuti bambo wa tayiyo ndi ndani. Sanakuwe. Anagwira pakamwa, kenako anathamangira kukatenga mpeni ndi madzi. Tinapala khoma lonse dzuwa likuswa mtengo, chitseko titatseka, tikumvetsera phazi lililonse lodutsa panja. Phala la amayi linali litayamba kale kugwira, zilembo zina zinatsalira padothi, ndiye tinachita kusenda ndi khasu. Mapepala onse anapita pamoto kukhitchini.

Ndikubwera ndi dothi kuchokera kudambo, ndinapeza amayi atakhuthula thumba langa. Kope lija linali kale pamoto. Chithunzi chinali m'manja mwawo, akuchiyang'anitsitsa.

"Ndiwe uyu?"

"Ndine, amayi. Chokhacho chisiyeni. Ndikachikwirira kumunda."

"Madzi onsewa?" Anachiyang'ananso kanthawi. "Zokwirira zimafukulidwa," anatero, n'kuchiponya pamoto. Ndinawakwiyira kwambiri, koma sindinatambasule dzanja kuti ndichilanditse.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti aphunzitsi atichenjeza kapena apita kukanena. Wakutsina khutu ndi mnansi, inde, koma masiku amenewo mnansi yemweyo ndi amene ankakulozera galimoto. Tsiku limenelo sitinadye. Amayi anamanga kampukutu ka zovala n'kukaika kuseri kwa chitseko, kuti akabwera kudzatitenga tisapite chimanjamanja.

Anabwera m'mawa, aphunzitsi ndi anyamata atatu a malaya ofiira. Ndinatulutsa khadi langa lopindikapindika, amayi anatulutsa lawo. Mmodzi wa anyamatawo analowa pabalaza, nakhudza khoma, n'kuyang'ana chala chake.

"Bwanji mwazira khoma lokha, pansi ayi?"

Anayankha ndi aphunzitsi ali panja, mosalabadira, ngati akunena za nyengo.

"Mphemvu. Ndinawauza ndine dzulo. Tiyeni, nyumba zatsala zambiri."

Anyamata aja anatsogola. Aphunzitsi anatsalira pang'ono, akumanga mwendo wa buluku ndi mphira kuti usakodwe mutcheni. Ndinawagwirira njinga. Ali chiweramire choncho, anayankhula motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Unakafika? Amachitadi utsi?"

Mawu anali atafika kale pakhosi. Ndinkafuna kuwauza za nthaka yonjenjemera ija, za malaya onyowa kopanda mvula, kuti buku lawo silinaname koma linachepetsa. Koma ndinaona malaya ofiira aja ataima panjira, mmodzi atacheuka. Ndinakumbukira bambo wa manja osalala wa ku Mazabuka, ndi kampukutu kaja kuseri kwa chitseko. Mwina funsoli ndiye linali msampha weniweni.

"Ndinali ku Kasungu, aphunzitsi."

Anaweramuka, nandiyang'ana kanthawi. Sanakwiye. Anangoti, "Wakhoza," monga ankanenera m'kalasi, n'kukwera njinga yawo.

Galimoto sinabwere. Tinakhala mudzi umodzi zaka zambiri, tikukumana kumaliro ndi kutchalitchi, ndipo sanandifunsenso. Kangapo konse ndinanyamuka kuti ndikawauze, n'kubwerera panjira, ndikuti ndidzanena zinthu zikadzasintha. Anamwalira kutatsala pang'ono kuti zisinthe. Ndinathandiza nawo kukumba manda awo, ndipo wina pamenepo anandifunsa ngati nthaka ya ku Kasungu ndi yolimba chomwechi. Ndinati eya, ndi chimodzimodzi.