Chipongwe cha Bana Mpundu

Ndinafika ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, mvula itangoyamba, ndili ndi sutikesi imodzi, mphasa yokulunga ndi pakamwa panga. Kwathu ku Ntcheu ankati ndinabadwa ndi tsabola palilime, ndipo ine sindinkakana. Mwamuna wanga anabadwira mu Lusaka momwemo. Bambo ake, apongozi anga, amene anthu kumeneko ankawatchula kuti ba Nyasa, anachoka kumudzi wapansi ali mnyamata, nakalambira m'makhitchini a azungu. Atafuna kupezera mwana wawo mkazi anatumiza kalata kumudzi, ndipo kalatayo inagwera ine.

Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, malata ake opanikiza ndi miyala. Pansi pa Kanyama pali thanthwe, choncho mvula ikagwa madzi ankangoima pabwalo, ife n'kumayenda modumphadumpha pa njerwa. Koma ndikamakumbukira masiku amenewo, matopewo sabwera msanga. Zimabwera ndi mbaula zoyaka pakhomo lililonse m'mawa, azibambo akutsetsereka panjinga kupita kumafakitale, ndi mizere ija tinkaima osadziwa ngati kutsogoloko kuli shuga kapena sopo. Ndimakusowa kumene kuja, sindinama.

Pakhomo loyang'anana ndi lathu pankakhala mayi wa Chibemba wa ku Kasama, wamtali, mawu ake omveka mpaka kumsewu. Anabereka mapasa, ndiye aliyense ankawatchula kuti bana mpundu, kutanthauza mayi wa mapasa. Ndinakumana nawo tsiku langa loyamba pampopi, pomwe tinkatunga tonse.

"Iwe, ndiwe mkazi watsopano wa mwana wa ba Nyasa? Wachoka kuti?"

"Ku Ntcheu, mayi," ndinayankha mwaulemu, bondo nditapinda.

"Mungoni! Awe mwandi, Mulungu wanimvela. Nenze kufuna kapolo wonitapila manzi. Mbeba wabwela nazo zingati mu sutikesi?"

Amayi onse pampopipo anafa nalo phwete. Ine magazi anawira. Kapolo, ine? Munthu sindinadye kanthu kake, dzina langa salidziwa, akundinena za mbewa pagulu! Ndinasenza ndowa yanga yosadzaza n'kubwerera.

Madzulo ndinamuuza mwamuna wanga. Iye m'malo mokwiya anayamba kuseka.

"Ni chimbuya chabe, mkazi wanga. Babemba na ise bakum'mawa ndiye mwamene timakhalila. Makolo anamenyana na mikondo, ise manje timamenyana na pakamwa. Uwabwezele, uwauze kuti bamadya anyani."

Ndinamuyang'ana ndi diso loipa. Mumtima ndinati ndakwatiwa ndi wamantha, wosatha kuimira mkazi wake. Kutukwana munthu wamkulu, wobereka mapasa, ine sindinaleredwe choncho. Apongozi anga anali pakhonde akusoka nsapato yawo. Anangoti, "Mwanawe, safunsa anadya phula," n'kupitiriza kusoka.

Zinapitirira miyezi iwiri. Ndikamasesa, "Kapolo, ukatsiliza ubwele na kuno!" Ndikavala chitenje chatsopano, "Waba kuti?" Koma mayi omwewo ndi amene ankafuula kusitolo kukabwera katundu: "Kapolo, thamanga, kwabwela saladi!" Ndipo ndikafika ndinkapeza atandisungira malo pamzere wa mafuta ophikirawo. Zimenezo sindinkaziwerengera, mkwiyo unali utanditseka maso.

Tsiku lina ndikuphika tinsomba ta kapenta pambaula, bana mpundu anadutsa, n'kuvundukula poto, n'kutapa ndi supuni yanga yomwe. "Vakudya va kapolo ni va mfumu yake," anatero akutafuna. Basi, pamenepo chingwe chinaduka.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo chigawo chilichonse cha komboni chinali ndi atcheyamani ake. Milandu ya nkhuku, ya zimbudzi, ya maukwati, yonse inkathera pakhomo pawo. Ndinavala duku langa la ku tchalitchi n'kukasuma. Atcheyamani athu anali bambo wa Chitonga, wofatsa. Ndinafotokoza zonse, za ukapolo, za mbewa, za kapenta. Anayesa kudzigwira, koma mapewa anayamba kugwedezeka, mpaka anapukuta misozi ndi chipewa.

"Amayi, chiyambile nchito iyi, sininamvelepo Mungoni akusumila Mubemba pa chimbuya."

Ine ndinaumirira, ndiye anawaitanitsa. Bana mpundu anabwera manja ali thovu la sopo. Anamvetsera mlandu wonse osaseka ngakhale pang'ono. Kenaka anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Namvela, amayi. Sinizabwezelapo."

Ndinabwerera ndikuyenda ngati wapha mkango. Mawa lake pampopi bana mpundu anandipatsa moni. "Mwauka bwanji, amayi?" Mwaulemu kwambiri. Anzawo onse chimodzimodzi. Phokoso linkamveka ndili patali, koma ndikafika linkazima, amayi n'kusuntha ndowa zawo kuti nditunge msanga ndizipita. Sabata yoyamba ndinakondwa. Yachiwiri ndinayamba kumachedwa dala kutsuka ndowa, kuti mwina wina andilankhula. Palibe. Mafuta ophikira anabwera kusitolo kawiri, ine n'kumva mawa lake. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa chipongwe chija. Ndinali ndekha mu Kanyama yense, ndipo dzenjelo ndinakumba ndekha. Kukapepesa ndinkafuna, koma khosi langa linali louma.

M'nyengo yozizira apongozi anadwala chifuwa, ndipo m'mawa wina anatisiya. Mwamuna wanga anathamangira kuchipatala kukatenga mapepala. Ine ndinatsala ndi thupi m'chipinda, mantha atandigwira. Kwathu maliro ali ndi adzukulu ake, osambitsa, okumba, ophika. Kuno abale tinalibe, ndipo anthu a pafupi ndinali nditawatengera kwa atcheyamani. Ndinadzifunsa kuti nkhalamba iyi, imene inandikonda ngati mwana wake, iikidwa ndi anthu awiri chifukwa cha pakamwa panga? Ndinakhala pakhomo n'kuyamba kulira ndekha.

Sindinalire nthawi yaitali. Bana mpundu anatulukira atamanga chitenje m'chiuno, kumbuyo kwawo amayi a Chibemba ambirimbiri, wina ndi mtolo wa nkhuni, wina ndi mgolo. Sanaodire. Anatulutsa mipando, anayala mphasa, anasonkha moto. Amuna awo anakoka tenti pabwalo. Bana mpundu analowa kuchipinda kuja n'kuyamba kukalipira womwalirayo.

"Ba Nyasa, ukani! Mwathawa chabe mphepo, ulesi! Nanga nsapato zanga azanisokela ndani?"

Posakhalitsa ndinamva akulira. Atatuluka anakumana ndi mwamuna wanga akubwera, n'kumulanda chipewa, n'kumunena kuti wapha bambo ake ndi mbewa zowola. Iye anaseka misozi ili m'masaya. Kenaka bana mpundu anafika pamene ndinakhala, anagwada, nati, "Pepani, amayi." Masiku atatu onse a maliro anagwira ntchito ngati mwana wa m'nyumbamo, akunyoza aliyense wakum'mawa amene walowa, koma kwa ine anali pepani amayi, idyani amayi.

Tinakaika kumanda a ku Chingwere. Dothi litakwiriridwa, nyimbo zitatha, ndinaona amayi a Chibemba aja akutulutsa timapepala ta ufa m'zitenje. Mayi wina wa ku Chipata amene anaima pambali panga anandinong'oneza kuti umu ndi momwe amathera maliro kuno: a chimbuya amathira ufa anzawo oferedwa, kuti aliyense aone kuti awa ndi athu, tawalirira, tsopano aseke. Anayamba ndi mwamuna wanga, mutu wonse mbuu. Anathira wa ku Chipata uja, anathira akuluakulu a mpingo, wina anathawa n'kugwidwa pakati pa manda. Anthu anali kuseka maso ali ofiira.

Bana mpundu ankabwera motsatira mzere, dzanja lodzaza ufa. Atafika pa ine anaima. Ndinaona zala zawo zikufumbata, dzanja likubwerera m'chitenje, phazi likusuntha kuti andilambalale. Pagulu lonse la oferedwa ndikanatsala ndekha wopanda ufa, wosakhudzidwa.

Ndinawagwira chitenje. Ndinangomasula duku langa, n'kugwada pa dothi lofiira lija, n'kuweramitsa mutu.

Kenaka ndinamva ufa ukutsika m'tsitsi, m'makutu, m'khosi, ndi chikhatho chachikulu chikuupaka pankhope panga mosafulumira.

"Chikapolo changa," anatero. "Unanivutitsa, iwe."