Magolovesi Amene Ndinalukira Ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene manja a ababa anayamba kufa. Ndi mmene ankanenera eni akewo: "Manja angawa akumafa panjira." Tinkakhala m'mudzi wina kwa Nsamala, kufupi ndi mtsinje wa Rivirivi, ndipo tinali ndi dimba la matimati ndi mpiru. M'mawa uliwonse, akatha kuswali, ababa ankamanga dengu pakaliyala n'kupalasa njinga kupita kumsika wa ku Balaka. Sopo, mchere, yunifomu yanga, zonse zinkachokera m'manja awiri ogwira mahandulo aja.

Mwezi wa Juni chaka chimenecho kunazizira koopsa. Nkhungu inkagona m'chigwa mpaka dzuwa litakwera, ndipo chitsulo cha njinga ukachikhudza chinkaluma. Tsiku lina ndikuwapatsa tiyi, kapu inawapulumuka, tiyi wotentha n'kuwathira pazala. Sanadzidzimuke. Anangoliyang'ana dzanjalo ngati la mlendo.

"Simukupsa?" anafunsa amayi.

"Ndi chisanu ichi," anayankha ababa. "Dzuwa likabwera zitha."

Ine ndinali mwana wamanyazi. Kusukulu ndinkakhala kumbuyo, ndipo zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba m'kope lakale la masamu. Tsiku limenelo ndinalemba kuti manja a ababa akuzizidwa, ndipo ndinayamba kuganiza zowafunditsa.

Anthu apanjinga a kwathu ankavala masokosi akutha m'manja. Ababa anayesako, koma sokosi ilibe zala. Inkaterera pabuleki, moti pa chitsetserezi cha kumtsinje anatsala pang'ono kugwa ndi dengu lomwe. Che Amidu, oyandikana nafe nyumba, amene anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni, anawabwereka magolovesi achikopa, ouma gwa ngati chikumba cha pang'oma. Ababa atavala analephera ngakhale kuliza belu.

"Awa ndi onyamulira miyala, achimwene," anatero powabweza. "Matimati anga angaphwanyike ndi mantha."

Ndinamvetsera zonsezo ndili pakhonde, n'kudziwa chofunika. Anafunika magolovesi aulusi, azala zisanu, okhuthala kumsana kwa dzanja kumene mphepo imamenya, opyapyala m'chikhatho kuti buleki igwirike. Ulusi ndinautenga pomasula juzi yanga yobiriwira imene inali itayamba kundithina. Zolukira zinali masipoko a wilo lakale, amene ndinawanola pamwala. Kusukulu anangotiphunzitsa kuluka tizipewa ndi timasokosi ta makanda, choncho zala ndinadziphunzitsa ndekha kuseri kwa nkhokwe, kuluka ndi kumasula, kuluka ndi kumasula.

Chovuta chinali muyeso. Kwathu mwana wamkazi wa msinkhu umenewo sagwira dzanja la bambo ake. Ukamapereka madzi umagwada chapatali, maso ali pansi. Ndiye ndinayezera pa chidindo cha chikhatho chimene ababa anasiya m'matope a pachitsime cha kudimba, pomwe ankatsamira potunga madzi. Manja enieniwo sindinawayang'ane.

Nditamaliza ndinalephera kuwapatsa pamanja. Ndinangowaika m'dengu, pamwamba pa mpiru, n'kubisala kukhitchini.

"Asiyatu, tabwerani kuno, mama," anandiitana ababa. "Izi zachokera kusitolo iti?"

"Afunseni kumene kwapita juzi yawo," anatero amayi.

Ababa anavala, anafinya buleki, analiza belu kawiri. Popita anatembenuka pamtengo wa mango n'kundikwezera dzanja lobiriwira, ndipo tsiku lonselo kusukulu sindinamve kuzizira ngakhale ndinalibe juzi.

Julaye anadutsa, mphepo ya Ogasiti inadutsa, kunayamba kutentha. Ababa sanavule. Ankathirira nawo mbewu, ankalima nawo. Anayamba kudyera okha m'nyumba, chitseko chotseka. Lachisanu anasiya kupita kumzikiti, kumene munthu amasamba m'manja anzake akuona. Ankati atopa, aswalira pakhomo.

"Kodi mwalembedwa ntchito yoyendetsa galimoto ya bwana?" Che Amidu ankawaseka ali kumpanda. "Dzuwa lonseli!"

"Anandilukira mwana wanga," ankayankha ababa. "Inu wanu anakulukirani chiyani?"

Poyamba mawu amenewa ankandikoma. Kenako ndinaona kuti magolovesi aja sankandipatsanso kuti ndichape. Ankachapa okha, n'kuyanika m'nyumba. Tsiku lina posesa ndinawapeza, m'chikhatho muli banga lofiirira louma, ndi fungo limene silinali la thukuta. Ndinawauza amayi monong'ona. Anapitiriza kupeta, osandiyang'ana.

"Mwana safunsa zimenezo," anatero.

Ndinadziwa kuti pansi pa ulusi wanga pakuchitika chinthu choipa. Ndinalibe pakamwa pofunsira, ndinalibe woti ndimuuze. Madzi ndinkaperekabe maso ali pansi.

Loweruka lina la Okutobala anandikweza pakaliyala kuti ndikawathandize, chifukwa matimati anali kutha ndipo dengu linali laling'ono loti ndifungate. Masiku amenewo pachipata cha msika pankaima achinyamata a chipani, ndipo wopanda khadi sankalowa. Ababa khadi anali nayo, m'thumba la shati. Anapisa dzanja, linatuluka lopanda kanthu. Anapisanso. Zala zinkalowa ndi kutuluka, osagwira kapepalako. Kumbuyo kwathu mzere unayamba kudandaula.

"Madala, tilibe tsiku lonse," anatero mnyamata wa pachipatayo. "Vulani zachizungu zanuzo."

"Mwanangu, khadi ilimo. Tangoitulutsani nokha."

"Ine ndipise m'thumba mwanu? Mukufuna munditche wakuba? Vulani."

Ababa anandiyang'ana kamodzi. Kenako analuma nsonga ya golovesi n'kukoka ndi mano. Ulusi unali utamatirira, unatuluka pang'onopang'ono. Zala ziwiri zakumapeto zinali zitapindikira mkati. M'chikhatho, pomwe pamakhala handulo, panali chilonda chakuya, ndipo iwo sankachimva n'komwe.

Mayi wina kumbuyo kwanga ananena mawu amodzi okha, motsitsa: "Khate."

Anthu anafutuka ngati pagwa njoka. Mnyamata uja anabisa manja ake kumbuyo. "Pitani, pitani," anatero, khadi osaiona. Tinayala matimati pamalo athu a masiku onse. Amayi amene ankagula kwa ababa chaka ndi chaka ankadutsa akuyang'ana kumbali. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, sanagule ndi mmodzi yemwe. Ine ndinangokhala, golovesi ija ili pamiyendo panga. Pobwerera ababa sanakwere njinga. Anaikankha njira yonse, ine ndikutsatira, ndipo matimati anadya mbuzi za Che Amidu.

Sabata yotsatira amayi anawaperekeza kuchipatala cha mishoni. Atabwerako amayi anandiuza zimene anamva: mankhwala alipo, nthendayo idzaima, koma zala zimene zapindika sizidzawongokanso. Zilondazo zinkabwera chifukwa dzanja losamva silidziwa kuti likupsa kapena likunyuka. Akanapita nthawi imene kapu inagwa ija, mwina zala zikanapulumuka.

Madzulo ake ndinatenga magolovesi aja kuti ndiwaponye pamoto. Ababa anandiona ali pamkeka.

"Alekeni, mama. Iwo sanalakwe, ankafunda bwino," anatero. "Ine ndinkaopa msika. Mwauona nokha msikawo."

Ankanena zoona. Kumsika sanabwererekonso. Zilonda zitapola ankanyamulabe dengu panjinga, koma ankaima pansi pa mtengo wina kunja kwa tauni, amayi n'kulisenza pamutu kukalowa nalo okha. Anthu ankagula kwa amayi, akunamizira kusadziwa amene wathyola matimatiwo.

Chisanu chitabweranso, ababa anandiitana m'mawa wina amayi ali pomwepo. Anakhala pampando, n'kutambasula manja onse awiri pamaondo.

"Ulendo uno muyeze pano, osati pamatope," anatero. Kani ankadziwa.

Ndinagwada pafupi, n'kuwagwira. Anali ouma, opepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinayendetsa ulusi chala ndi chala, ndipo pansi pa chala chachikulu ndinapeza munga utalowa wonse. Iwo sankadziwa kuti ulipo. Kuyambira pamenepo inakhala ntchito yanga: akabwera kudimba ndinkawanyika manja m'madzi, n'kuyang'ana paliponse, n'kuwadzoza mafuta. Magolovesi atsopanowo ndinawalukira zala ziwiri zopindika, ndipo wochapa ndinali ine.

Tsopano ndakula kuposa mmene ababa analili nthawi imeneyo, ndipo ndimalukabe. Sindidziwa ngati mwana wamanyazi uja akanatha kuchita china. Pakhomo ponse tinkaopa, aliyense payekha. Chimene ndinaphunzira n'chochepa. Kufunditsa munthu n'kosavuta, ndipo amene akuvutika amalandira msanga chomuphimba. Masiku ano wina akabwera kudzandipempha kuti ndimulukire magolovesi, akuti manja akumuzizira panjinga, ndimaika ulusi pambali. Ndimamuuza kuti akhale pansi, andipatse kaye manjawo ndione.