Zitini za a Nkhono

Cha m'ma sikisi m'mawa, ena tikamayatsa mbaula, nyundo ya Azakhali imakhala itayamba kale kulira. Go, go, go. Amakhala pa thumba lopinda m'mbali mwa msewu wopita kudzenje la miyala, miyendo atatambasula, mwala uli m'kati mwa mphete ya tayala lodula kuti tizidutswa tisawalumphire m'maso. Akamenya, amakankha ndi mbali ya dzanja osayang'ana n'komwe. Ikuluikulu imapita kumanja, ndiyo ya maziko a nyumba. Yapakati kutsogolo, ya konkire. Ing'onoing'ono kumanzere. Dzanja limadziwa lokha. Anayamba ntchitoyi mwana wawo wamkazi ali kumsana, ndipo mwanayo lero ali pabanja pake.

Si azakhali a munthu aliyense mumsewu muno, koma aliyense amawaitana choncho, ngakhale madalaivala a malole amene ali ndi imvi kuposa iwo.

Amuna awo ankagwira kunsi, m'dzenje mwenimwenimo, kugumula ndi piki n'kukweza pa wilibala. Mwala wa kumeneko unagona mosanjikizana ngati mabulangete opinda: wofiira pamwamba, wotuwa pakati, wakuda pansi. Tsiku lina kalekale mwala unang'ambika pakati, ndipo m'kati mwake munali nkhono. Nkhono yeniyeni yopotana bwinobwino, koma yolimba ngati mwala womwewo. Bamboyo anaipukuta pa buluku n'kuiponya m'thumba la malaya. Kuyambira pomwepo dzina lawo linakhala a Nkhono.

"A Nkhono, lero mwakumba ndiwo yanji?" anzawo a m'dzenje ankatero. "Zikapsa mutiitane, tibwera ndi mchere."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," iwo ankayankha, n'kupitiriza kutokosa ndi msomali.

Kunyumba nakonso sankapuma. "Bambo, anzanu amabwera ndi sopo, inu mumabwera ndi ntchito," Azakhali ankawauza. "Miyala ndaiona tsiku lonse, ndidzaionenso kunsi kwa bedi?"

"Iyi si miyala, mayi. Izi zinkayenda."

"Ziyendetu zituluke, ndisese."

A Nkhono sankalemba. Ankasunga zotola zawozo m'zitini: za penti, za mkaka waufa, za mafuta ophikira. Akabwera madzulo ankakoka chitini chimodzi, osati china chilichonse, n'kuikamo cha tsikulo ndi dothi lake lomwe. Nthawi zina ankalankhula okha. "Cha buluu ndi cha pakona pamene panagwa mtengo. Chophwanyika kukamwa ndi cha mwala wotuwa." Azakhali ankamva mawuwo monga momwe umamvera wailesi ya aneba, phokoso lili m'khutu koma nkhani osaitsata. Zoti satsuka miyalayo ankangoti ndi uve wa amuna.

Chaka chatha, m'mwala wakuda uja, a Nkhono anapeza chinthu china. Chinali chokhota, chachitali ngati dzanja, chokhala ndi timaenje mondondozana, ndipo m'kaenje kamodzi munali dzino. Pambali pake panali tizidutswa tambiri tofanana nacho maonekedwe. Anatolera tonse mpaka mawondo kutupa, n'kutithira m'chitini chatokha. Mwana wawo anajambula chokhotacho pa foni n'kutumiza ku nyumba yosungira zinthu zakale ya mumzinda, imene amaitcha myuziyamu. Yankho linabwera: musunge bwino, tidzafika mvula ikatha.

Koma chifuwa sichinadikire mvula. Fumbi la zaka zonse zija linali litakhazikika m'mapapo. Ali gone pa bedi, zitini zili kunsi kwawo, anauza akazi awo chinthu chimodzi. "Akabwera a kumyuziyamu, muwafunse dzina la chinthu chija. Mukawauze aja a m'dzenje."

"Mudzawafunsa nokha," Azakhali anatero.

A Nkhono sanawafunse.

Pa maliro anthu ankayang'ana Azakhali kudikira kuti agwe. Sanagwe. Misozi sinabwere tsikulo, sinabwerenso mawa lake. Iwo amati zinali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali: ukautsina umaona chala chikutsina koma osamva kanthu. Dzanzi thupi lonse. Anabwerera pa thumba lawo lija, nyundo inayambanso, milu itatu inakula monga kale. Akapatsidwa moni ankayankha. Chakudya chikaikidwa patsogolo pawo ankadya.

Kenako zinthu ziwiri zinabwera sabata imodzi. Mwana wawo anati sangakhale okha, mwezi ukatha asamukire kwa iye ndi mkamwini. Ndipo foni inalira: mayi wa kumyuziyamu afika Loweruka.

Azakhali sankafuna zambiri. Ankafuna amve dzina la chinthucho, atsikire kudzenje, alinene mokweza kamodzi kokha, basi atseke chitseko cha nyumbayo.

Lachisanu sanapite kumsewu. Anagwada n'kukoka zitini zonse. Zinali zadzimbiri, zakangaude, china mphemvu zitaswanamo. Anaziyang'ana n'kuganiza za mlendo wophunzira atakhala pa mpando wawo, akutsegula zimenezo. Adzati malemu analibe mkazi? Anayala thumba pakhonde n'kukhuthula zonse pamodzi. Anatenga sopo waufa ndi bulashi ya waya, imene amakwechera mapoto, n'kuyamba kutsuka umodziumodzi. Madzi anayenda ofiira, kenako otuwa, kenako akuda, n'kukalowa m'ngalande. Miyala inauma padzuwa ili mbee.

Ndiye dzanja linachita zimene limachita. Osaganiza n'komwe, anasankha: ikuluikulu m'beseni la zovala, yapakati m'beseni la mbale, ing'onoing'ono m'kabeseni kosambira m'manja. Zitini zopanda kanthu anaziponya m'ngolo ya munthu wotolera zitsulo zakutha amene ankadutsa. Anasesa, anakolopa, n'kuvindikira mabeseniwo ndi nsalu yoyera. Aka kanali koyamba chichitikireni maliro kuti aone ngati achitira amuna awo kanthu.

Mayi wa kumyuziyamu anafika dzuwa litakwera, nsapato zafulati zili fumbi lokhalokha, chikwama paphewa. Anali wa msinkhu wa mwana wawo. Anapereka moni ndi manja awiri, napepesa za maliro, n'kukhala pansi pa mkeka m'malo mwa mpando umene anamukonzera. Azakhali anachotsa nsalu.

"Eee, bambo anali ndi maso," mlendoyo anatero, n'kutulutsa kagalasi kokuzira zinthu.

Anayamba ndi zapamwamba. Nkhono zija anati ndi za m'madzi, kusonyeza kuti pamene pali dzenje lero panali dziwe lalikulu kalekale. Mwala wina wafulati unali ndi tsamba, mitsempha yake ikuoneka. Wina wozungulira ngati dzira, umene a Nkhono ankaukonda, anautembenuza n'kumwetulira. "Uwu ndi mwala chabe, amayi. Umanamiza anthu ambiri, nafenso unatinamizapo."

"Musawauze," Azakhali anatero, kenako anakumbukira kuti palibe wowauza.

Kenako mlendoyo anafika pa chokhota chija. Anachigwira ngati khanda, n'kuchiyandikiza pakhomo pamene pali kuwala.

"Iyi ndi nsagwada. Zinzake zili kuti?"

"Zili momwemo. Zokulirapo umu, tating'ono umo."

"Bambo anazisunga chonchi?"

"Ayi, mwanawe, iwo anangounjika m'zitini ndi matope omwe. Ndakonza ine dzulo."

Mlendoyo anayang'ana mabeseni atatu aja, n'kuyang'ana pansi pokolopa. Anafunsa ngati zitinizo zilipo. Zinapita. Anafunsa ngati akukumbukira zimene zinali m'chitini chimodzi ndi nsagwadayo. Azakhali anayesa kukumbukira. Zimene zinabwera ndi mawu a amuna awo okha, cha buluu, chophwanyika kukamwa, ngati wailesi ya aneba.

Mayiyo sanakalipe. Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pa mkeka. Chitini chilichonse chinali malo. Zimene zinagona pamodzi m'nthaka ndiye kuti mwina ndi za nyama imodzi. Dothi lija silinali uve: likanasonyeza ngati fupalo linachokera m'mwala wofiira, wotuwa kapena wakuda, ndipo pakati pa mwala wina ndi unzake pali zaka zosawerengeka, nyama zake n'zosiyana. Kenako anawapatsa kagalasi kuti aone dzino. Linali see, lonyezimira, lili ndi tizikanda ta waya.

"Apa pamakhala timizere m'mphepete. Ndi timene timatiuza zambiri."

"Anati anachipeza m'wakuda," Azakhali anatero. "Icho ndikukumbukira."

"Zithandiza. Nanga malo akewo tingawaone?"

Malowo anagumulidwa mvula isanathe. Malole ananyamula. Pano ali pansi pa simenti ya nyumba ya munthu wina.

Azakhali anapukuta manja awo ouma pa nsalu. "Ndiye dzina lake ndi chiyani?"

"Ndi nyama, amayi, icho ndikutsimikizireni. Inayenda padziko anthu kulibe. Bambo sanalakwitse. Koma dzina ndikalitchula ndinama. Za nsagwada yotere zilipo mitundu ingapo. Chigaza chikanakhala pamodzi ndikanakuuzani, ndipo ndikukhulupirira kuti chili m'mabeseni momwemu, chili zidutswazidutswa, chasakanikirana ndi za nyama zina."

Anati akhoza kutenga nsagwadayo, koma sanabise: kwawoko ndi anthu ochepa, ndipo mashelefu adzaza ndi mabokosi a zinthu zosadziwika kumene zinachokera. Zosakanikirana zikapita kumeneko zimakagona. Njira ina ndi ya kapu yosweka. Kutenga chidutswa, kuyesa mbali yake yothyoka pa chinzake, kenako pa china, mpaka zilumane. Zikalumana osamata ndi guluu, kungozikulunga pamodzi. Zikachuluka Azakhali ajambule, atumize.

"Siyani nsagwadayo," Azakhali anatero. "Ndiziyesera pa chiyani mukatenga?"

Anamuperekeza mpaka pamsewu. Pobwerera anapeza mwana wawo ataima pakhonde, atamva zonse. "Madzi akatayika sawoleka, amayi. Musadzipweteke nazo." Azakhali anavomera ndi mutu. Anadikira kuti chinachake chiwabaye pamtima. Sichinabwere. Anavindikiranso mabeseni n'kukatereka madzi.

Lolemba anali pa thumba lawo. Anthu a m'dzenje podutsa ndi mawilibala anaima.

"Azakhali, alendo aja anati bwanji? Ndi ng'ombe ya a Nkhono?"

"Anati ndi nyama."

"Nyama yanji?"

"Nyama."

"Ndiye ife timanena chiyani? Si ndiwo zimenezo?" Anaseka, koma kuseka kwake kunafera m'njira, chifukwa nyundo sinaime. Go, go, go.

Masana aliwonse akaweruka ankakhala pakhonde, mabeseni patsogolo. Maso awo fumbi linawadya kale, ndiye ankayesa ndi zala. Ichi ndi ichi, ayi. Ichi ndi icho, ayi. Dzanja linkafuna kuponya chachikulu kwa zazikulu zinzake, iwo n'kulibweza. Ntchito ya moyo wawo wonse inali kuswa ndi kulekanitsa, ndipo iyi inali yobwerera m'mbuyo. Aneba ankadutsa n'kunong'onezana kuti matenda a a Nkhono asamukira kwa akazi awo.

Masana ena, mwezi uli pafupi kutha, chidutswa cha m'beseni la mbale chinakumana ndi kena ka m'kabeseni kakang'ono. Zinalumana ndendende, mng'alu osaoneka. M'mphepete mwake munali mokhota mosalala, ngati mbali ya bowo la diso. Azakhali anazigwira choncho kwa nthawi yaitali. Sanalire, sanaseke. Anadzuka, n'kung'amba mkono wa malaya akale a amuna awo, n'kuzikulungamo.

Tsiku losamuka mkamwini anabwera ndi kagalimoto kobwereka. Anakweza bedi, matilesi, ziwiya ndi mpando. Atafika pa mabeseni anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Amayi, mundikhululukire. Chipinda chake mwachiona, inu ndi ana mugona momwemo. Mabeseni titenga, koma za m'katimo ayi. Miyala kwathu iliko."

"Amayi, mwamva," mwana wawo anatero. "Mutenge cha dzinocho chokha, chikwana m'chikwama."

Azakhali anayang'ana mabeseni aja. Anaima pang'ono, kenako anawerama n'kusenza beseni lalikulu.

Ine ndimakhala chitseko chotsatira. Madzi a sopo aja anadutsa pakhomo panga, ndipo zina zonsezi anandiuza okha masana amene ndinkakhala nawo pakhonde ndikuyamwitsa. Tsiku losamukalo anagogoda ndi phazi chifukwa manja anali ndi katundu. Analowa, n'kutula beseni pafupi ndi bedi langa, n'kubwerera kukatenga ena awiri. Pomaliza anabweretsa nsagwada ndi kamtolo ka mkono wa malaya kaja, n'kuziika pamwamba. Anagwada n'kuyang'ana kunsi kwa bedi ngati akuyeza malo.

"Amake mwana," anatero, "kunsi kuno kuli malo. Mundisungire. Ndizibwera Loweruka ndikaweruka, ndipo inu maso anu akadali abwino, muzindithandizako mwana akagona. Akayamba kukwawa muziika katundu kutsogolo, angameze kena, mwina n'kukhala komwe tikukafuna."

Anadzuka akugwira bondo, n'kupita pakhomo. Galimoto inali ikulira kale. Anatembenuka.

"Zikachita fumbi zichite. Chonde musatsuke."