Mwini dziko ndi phula la m'khutu

Agogo aamuna oyandikana nafe kuno ku Aomori, kumpoto kwa Japani, amakhulupirira kuti mtundu wa munthu uli m'khutu. Amati eni ake enieni a Japani, alenje akalekale aja, anali ndi phula la m'khutu lonyowa, pamene louma ndi la obwera, amene anawoloka nyanja atasenza mbewu ya mpunga. Agogowo, n'zosachita kufunsa, amati iwo ndi mwini dziko. Akazi awo akangowadzudzula pang'ono, yankho ndi limodzi: "Obwera inu, khalani chete."

Tsiku lina anatsamira pamiyendo ya akazi awowo kuti awatokose m'khutu ndi kansungwi, monga mwa masiku onse. Mayiwo, mwano utawakwana, anawaonetsa zimene zinatuluka. Tinali tinyenyeswa touma ngati gaga.

"Zimenezi n'zanga?"

"Chikwatiranireni ndimataya zomwezi, bambo. Lonyowa lili ndi ine."

Agogo anadzuka. Anagwira khutu ili, kugwira linalo, kenako kuyang'anitsitsa chithunzi cha malemu atate awo pakhoma ngati chiwayankha.

"Nanga ineyo ndinachokera kuti?"

"Kaya kwanuko. Tagonani, alendo, khutu linalo sindinatokose."